Manambala Aja Si a Bambo

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa chako chija chinatha? Kuno tadzuka ndithu, koma mtima wanga suli m'malo. Ndalemba papepala n'kulijambula, chifukwa pafoni mawu akanandithawa.

Manambala a shuga amene ndakhala ndikukutumizira m'mawa uliwonse kwa miyezi itatu si a Bambo. Ndi anga.

Kamakina koyezera kamene unatumiza kaja, sabata yoyamba tinkakagwiritsa ntchito bwino. Kenako Bambo anayamba kudandaula kuti nsonga za zala zikuwawa, nsalu sakuimvanso akaigwira. Ankaseka kuti zaka makumi anayi za utelala singano inkawaopa, lero yapeza pobwezera. Zala zimenezo ukuzidziwa, ndi zomwe zinkatiyeza mapewa sukulu ikamatsegulira.

Tsiku lina anazibisa m'khwapa ngati mwana. Anandiuza kuti popeza ndine magazi awo, ndingobaya changa, kamakina sikadziwa nkhope. Ndinaseka, n'kubayadi. Iwe utaona nambalayo unayankha mokondwa kwambiri. Mawa lake ndinabayanso.

Mwezi watha tinapita kuchipatala ndi kope lomwe ndimalembamo manambalawo. Tsikulo timapepala toyezera shuga ta kuchipatalako tinali titatha, choncho adokotala anadalira kope lathulo. Anawayamikira Bambo, n'kuwachepetsera mapiritsi. Ine ndinali chilili pambali pawo.

Tsopano akumwa madzi ngati mchenga. Kuchimbudzi, pamene akodza pamaunjikana nyerere. Lamba aboolanso bowo lina. Dzulo ndinawapeza akuphonya diso la singano kasanu konse. Ndipo chala chachikulu cha phazi lopondera makina chili ndi bala lomwe iwo sakulimva. Ndinalidziwa ndi fungo, pochapa sokosi.

Lero m'mawa ndawagwira dzanja mwamphamvu n'kuwabaya. Manambala anga sankapitirira sikisi. Awo afika twente seveni.

Ndawachonderera kuti tipite kuchipatala lero lomwe, tikaulule zonse. Akana. Akuti sangalole mwana wawo akakalipiridwe pagulu pa mlandu umene anauyambitsa okha. "Udzandiyezenso mawa, mama," atero. "Kamakina kako kangodzuka ndi mkwiyo."

Ine sandimvera. Kwa iwo ndidakali kamtsikana kotola mabatani pansi pa tebulo. Koma iwe ukalankhula amagonja. Ukangowerenga kalatayi, uwaimbire foni. Kundikalipira udzandikalipira pambuyo, ndipo ndikuyenera, koma yamba ndi iwo. Chikwama chawo ndalongedza kale, ndachibisa kuseri kwa chitseko.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni nonse, atisungirenso Bambo. Ndilekeze pano, chifukwa makina osokera asiya kulira m'chipinda mwawo, ndipo nthawi yawo yopuma sinakwane. Ndaitana kawiri, sanayankhe.

Ndine,
Mlongo wako wamkulu