Mabuku Amene Sunasankhe Iwe

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, ndipo msana uja wasiya kukuzunza. Kuno tilipo. Alamu ako akadali ndi chifuwa chawo cha fumbi la matabwa, mankhwala akukana ngati mwana. Mwana wako watalika zedi, ndipo pano timangomuti Mafunso, poti pakamwa pake sipapuma.

Phukusi lako linafika, zikomo. Koma pali nkhani ya mabuku imene pa foni ndimalephera kuiyamba, ndiye ndati ndingolemba.

Unachoka mwanayu ali ndi zaka zinayi, pano ali ndi zisanu ndi zinayi. Koma mabuku amene umatumiza ndi a makatoni olimba aja, tsamba lonse bakha mmodzi ndi mawu awiri. Chaka chatha atatsegula phukusi anawayang'ana, n'kuwaika pa tebulo bwinobwino, n'kundifunsa ngati amayi ake akudziwa kuti amawerengera alamu ako nyuzipepala. Ndinamuyankha zopanda mutu. Sanalire, ndipo bola akanalira.

Phukusi lotsatira ndinalitsegula ndekha iye ali kusukulu. Ndinanyamula mabuku ako kupita nawo kwa bambo wina wogulitsa mabuku akale, kuseri kwa shopu yanga yosokera. Koma bambo ameneyo ngovuta! Nditawauza zaka za mwana anati zaka si kanthu, ndiwauze chimene chimamuseketsa, chimene amaopa, ndiponso komwe amakabisala akakwiya. Kenako anandipatsa buku kuti nditsegule pakati, ndiwerenge tsamba limodzi mokweza pomwepo. Anati likanditopetsa ineyo, mwana adzamva m'mawu mwanga. Ndinawerenga ndithu, tepi yoyezera ili m'khosi, anthu odutsa akundiyang'ana.

Tinasinthana. Mabuku ako a abakha aja bambowo anati awapereka ku sukulu ya mkaka, ine ndinatenga buku lina, n'kulikulunga m'pepala lako lomwe lija, n'kumata ndi selotepi. Mng'ono wanga, ndachita zimenezi katatu tsopano, ndipo nthawi zonse ndimamuuza kuti wasankha ndiwe. Undikhululukire.

Lamlungu masana timakhala pakhonde, iye tsamba, ine tsamba. Limene tikuwerenga panoli ndi la mtsikana amene akuyenda ndi galu wa miyendo itatu kufunafuna mchimwene wake. Alamu ako amanamizira kukonza mpando chapafupi, koma tikasiyira panjira ndi omwe amayamba kufunsa kuti galuyo zimuthera bwanji.

Sabata yatha Mafunso anaima pakati pa tsamba n'kunena kuti, "Amayi aakulu, amayi anga amandidziwa ngakhale ali kutali. Anadziwa bwanji kuti ndimaopa kuwoloka mlatho ngati mtsikanayu?"

Ndinangoti apitirize kuwerenga. Ndikuuze zoona, kansanje kanandigwira, poti wodziwa za mlathoyo ndine, amene ndimamugwira dzanja tikamawoloka. Kenako manyazi anandigwira kuposa nsanjeyo. Ndimati ndikukuthandiza, koma ndamupangira mayi wina wa m'maganizo, ndipo iwe weniweni sukumudziwa mayi ameneyo.

Vuto ndi ili. M'bukuli mwatsala mutu umodzi, ndipo Mafunso walitseka, walibisa pansi pa pilo. Akuti mutu womalizawo awerenga ndi iwe pa foni tsiku lake lobadwa, iwe tsamba, iye tsamba, ndipo adzakufunsa chifukwa chake unasankha limeneli. Ndinathamangira kwa bambo aja, anafufuza m'makatoni mwawo masiku awiri mpaka anapeza lina lofanana nalo ndendende. Ndi limene lili mu envelopu muno. Chikuto chake n'chong'ambika, koma masamba onse alipo, ndaona ndekha.

Ndikudziwa umaweruka utatheratu, tsiku lonse kunyamula ndi kusambitsa nkhalamba za eni kuti kuno tisasowe kanthu. Sindikukuweruza ayi. Koma uliwerenge lonse, usadumphe, chifukwa Mafunso amagwira wabodza pa funso lachiwiri. Zomuuza zoona kapena ayi ndasiya m'manja mwako, mayi wake ndiwe. Ukati ndimuuze, ndimuuza ndekha, mlandu ndi wanga.

Koma phukusi likubweralo sinditsegulanso. Buku usankhe wekha, ndipo usanalowe m'shopu uyambe wamuimbira, osati mphindi ziwiri zofunsa ngati wadya. Pali chinthu chikumusowetsa mtendere kusukulu masiku ano. Ine ndikuchidziwa, koma sindikuuza. Umufunse wekha.

Upereke moni kwa msuweni wathu amene ukukhala naye, umuuze asiye kusowa. Alamu ako akupereka moni. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu.

Ndine mkulu wako.