Nyali ya pa Chisumbu cha Varre

Lolemba, 4 Novembala

Chifunga chaphimba mtsinje tsiku lonse. Kalabu yathu ya masewera a patebulo yandiikanso kukhala woweruza nkhani za mpikisano, ine ndi a Jorma. Ntchito ndi yomwe ija: nkhani yotsutsana ndi buku la masewerawo, Zisumbu za Chifunga, siwerengedwa pagulu Loweruka. Olemba sitiwadziwa mayina. A Jorma abwera ndi cholembera chofiira chatsopano, mtima uli mbee.

Lachiwiri, 5 Novembala

Nkhani ina yandiziziritsira khofi. Wopalasa bwato wina wotsimphina, dzina lake Orvo, akukwera nsanja ya pa Varre nkuyatsa nyali yotsogolera zombo. Buku limanena poyera kuti nyaliyo inazima pa nkhondo, ndipo palibe adzaiyatsenso.

Koma Orvo ndi wa Santeri. Mchimwene wangayo ndiye ankasewera ngati Orvo, kukhitchini kwa amayi, ine ndikuyendetsa masewerawo. Atafuna kuyatsa nyaliyo, ndinamuuza kuti sizingatheke. Iye amvekere, "Iwe Riikka, tandisiya ndiponye kaye." Dayisi, kachinthu ka manambala koponya pamasewera, inagwa pa makumi awiri, nambala yapamwamba, nyali inayaka, tinakuwa mpaka amayi anabwera ndi chipande. Amene anaona izi natsala ndi moyo ndi ine ndi Ilkka, mnzathu amene tinkasewera naye, basi. Ilkka sitinaonane naye chiikireni maliro a Santeri.

Lachitatu, 6 Novembala

Ndakhala m'basi mpaka kupitirira potsikira. Nyali iliyonse m'chifungamu imaoneka ngati ya Varre. Ndamusowa S.

Lachinayi, 7 Novembala

Kulaibulale ndi a Jorma. Nkhani ija aifiiritsa kale.

"Yalembedwa bwino, koma ndi bodza," iwo atero, zinyenyeswa za banzi zili m'ndevu.

Ndati patebulo pathu zinachitikadi.

"Patebulo panga galu anakwatira mfumukazi, mayi. Tiziwerenga zimenezo?"

Ndaseka mosafuna. Chowawa nchakuti sakunama. Ine ndemwe chaka chatha ndinagwetsa nkhani ya munthu chifukwa cha mtundu wa mbendera. Buku ndimalikonda, ndi nyumba imene tonse timalowamo popanda kugogoda. Koma Santeri anakhalamonso m'nyumbamo.

Tagwirizana kuthetsa mkangano monga timachitira pamasewera: dayisi iweruze Loweruka. Ikapitirira khumi, nkhani iwerengedwa. Woponya ndine, kuseri kwa katoni yotchingira, monga achitira woyendetsa masewera aliyense.

Lachisanu, 8 Novembala

Ndapeza dayisi ya S. m'thumba la jekete lake lakale. Yabuluu, yotha m'makona. Ndayesera patebulo, ikungondinyoza: ziwiri, zisanu, ziwiri.

Masana ndinaodzera pampando. Ndalota ndili m'bwato, wopalasa wandifulatira, akuimba mosokoneza ngati kale. Sindinamuone nkhope, koma sindinaope.

Loweruka, 9 Novembala

Chipale choyamba chagwa m'mawa, chofewa ngati ufa.

Ilkka anabwera. Wayamba imvi. Anakhala kumbuyo chipewa chili m'manja, osandiyang'ana.

Tisanayambe, ine ndi a Jorma tinakhala pakona. Ndinaimika katoni, ndinaponya. Zitatu.

Aliyense amene anayendetsapo masewera amadziwa chimene katoniyo inaikidwira. Nthawi zina dayisi imalakwa, ndiye umaikonza mwakachetechete, osewera osadziwa.

"Makumi awiri," ndinatero.

A Jorma ndi atali, ndikukhulupirira anaona. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatseka cholembera chofiira chija nkuchiika m'thumba.

"Woyendetsa wanena," anatero. "Koma m'buku nyali ija ikadali yozima, mwamva?"

Nditatchula mutu wa nkhani, Ilkka anaimirira nkuyamba kuwerenga. Anafika pamene Orvo akuponda sitepe yomaliza, mawu anamuthera. Anandiyang'ana koyamba, monga ankachitira kukhitchini kuja akamadikira kuti ndinene chotsatira.

Ndinati, "Pitiriza, Ilkka. Yayaka."