Mphini Zanu Zikhala Pachiliza

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ndine Malita. Kuno ku Chawama tilipo, ena ali bwino, ine ayi.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkati ndimalowa m'nyumba ndi mkwiyo moni ndisanapereke. Mdzukulu wanu Tisa wachira, wabereka mwana wamkazi, chipumi chanu chenicheni. Mvula ya chaka chino inalowanso m'nyumba mpaka m'mawondo. Kabati yanu yafufuma miyendo koma idakaimabe. Mnkhwani wanu wa kuseri unamera wokha, tadya mpaka kugawira aneba. Amayi aang'ono afika kuchokera ku Katete ndi thumba la mtedza, akhala kuno mpaka tivundukule chiliza chanu Loweruka likubwerali.

Ndiye nkhani ndi chilizacho.

Ba Jairosi, mwana wanu woyamba, anati pamwala pakhale nkhope yanu, yowotchera pa kambale koyera kaja kosafufutika ndi mvula. Ndinavomera. Koma inu ndi kukana kwanu kamera! Ine ndimajambula anthu tsiku lonse pakantemba kanga, kashopu kaja ka kumsika, koma mayi wanga ayi. Munkati, “Umandiona tsiku ndi tsiku, pepala n'lachiyani?” Taonani lero. Chithunzi chanu tili nacho chimodzi chokha, chimene Tisa anakuberani ndi kafoni kake kakale, muli m'nyumba mukusankha nyemba, magetsi atapita.

Foni ikamajambula pamdima imachita kudzikakamiza, ndiye chithunzi chimatuluka ndi timadontho tofiira ndi tobiriwira, ngati wina wawaza mchenga pankhope. Ife ojambula timati noyizi. Pali pulogalamu ya pakompyuta yochotsera zimenezo. Palibe anandiphunzitsa, ndinaidziwa ndekha, kuononga ndi kuyambiranso. Ili ndi kamzere kamene umakoka. Ukakoka pang'ono, mchenga umachepa. Ukakoka kwambiri, munthu amasalala ngati sopo. Makina sadziwa kuti ili ndi dontho, ili ndi khwinya, ichi ndi chipsera. Kwa iwo kanthu kalikonse kakang'ono ndi litsiro.

Ndinakhala nacho masiku atatu chithunzi chanu. Khoma ndinayeretsa, chitenje ndinayeretsa, mpango wa kumutu unaoneka maluwa ake. Nkhope ndinaizungulira ndi dzanja, ndikungochotsa madontho a mitundu aja, kuti mphini zanu zisapite. Zitatu tsaya lino, zitatu tsaya linalo, zimene anakutemani muli mtsikana kumudzi. Mchenga wina unatsala, inde. Koma munali inu.

Apa pali kulakwa kwanga, sindibisa. Ba Jairosi atabwera kudzaona, ndinafuna kudzionetsa kuti makina anga ndi amphamvu. Ndinakoka kamzere kaja mpaka kumapeto, mongoseka. Mphini zinazimirira, makwinya anapita, khungu linayera. Iwo anaimirira n'kuloza, “Iyo! Iyo yamene! Apa manje bamayi baoneka monga muntu wa ku mayadi.” Ndinati ayi achimwene, ndimangosewera. Anati, “Iwe Malita, ija inangu ili na doti maningi. Bantu bazakamba kuti tenze kubavutisa.” Ndisanatseke pakamwa anali atachikopera kale mufoni mwawo chithunzi chosalalacho, ndipo madzulo ake chinali chitafika kwa wosema miyala ndi kwa achibale onse.

Doti, Amayi. Nkhope yanu akuti doti, litsiro.

Munthu amene akuopa kuti anthu anena kuti tinkakuvutitsani ndi yemweyo amene anabwera kawiri kokha miyezi yonse imene munagona. Kawiri. Ulendo wachiwiri anakhala pampando osavula ndi jekete lomwe. Ndani ankakutembenuzani? Ndani ankakupakani mafuta pamasaya omwewo? Chala changa chimazidziwa mphini zimenezo kuposa mmene chimadziwira batani la kamera. Lero akufuna mayi wosalala woti anzake a kuntchito akamuone. Alamu, akazi awo, nawo anayankha pafoni kuti, “Awe, baoneka bwino, monga bali na fote chabe.” Inu simunafe muli ndi zaka fote. Munafa mutakalamba, mutagulitsa makala zaka zonse zija, ndipo nkhope yanu inkanena zimenezo mopanda manyazi.

Ndinalankhula, mukundidziwa. Ndinanena zonse zimene ndalembazi ndi zina zimene sindingalembe kwa mayi wanga. Anati ndilibe ulemu, iwo ndiwo aakulu, zatha.

Amene anandithandiza ndi Amayi aang'ono, osadziwa n'komwe kuti pali mkangano. Tsiku limene anafika, Tisa anawaonetsa chithunzi chosalalacho. Anachiyang'ana, anachitalikitsa, anachiyandikitsa, kenako anati, “Kodi ameneyu ndi mkazi wa ndani?” Tisa anati, “Ndi akulu anu.” Anabweza foni ngati yawaotcha. “Akulu anga ali ndi mphini. Tinatemedwa tsiku limodzi, iwo sanalire, ine ndinalira. Uyu sindimudziwa.” Nditawaonetsa chija cha mchenga, anagwira pakamwa, n'kukhala pansi pakhonde.

Pamenepo ndinakumbukira mawu anu. Ndili mwana ndinakufunsani kuti bwanji munalola kukuchekani kumaso. Munaseka, munati, “Ichi ndi chitupa changa chosataika. Ndikadzasochera m'tauni muno, anthu akwathu adzandidziwa ndi zimenezi.” Ndiye ine, mwana wanu amene ndimadzitama kuti ndimadziwa ntchito, ndinakulandani chitupa ndi chala chimodzi kuti achimwene andigomere. Chimenechi chimandiwawa kuposa mwano wawo.

Ndipo ndimachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Atsikana amabwera, “Ba Malita, nichoseniko tuziphuphu, niyereseniko pang'ono.” Ndimakoka, iwo amasangalala. Amenewo ndi amoyo, nkhope ndi zawo, mawa akhoza kubwera kudzajambulitsa china. Inu china mudzachitenga kuti?

Dzulo m'mawa ndinakwera basi ndi Amayi aang'ono kupita kwa wosema miyala. Mwayi, kambale anali asanawotche. Bamboyo anayamba zoti amene analamula ndi ba Jairosi. Amayi aang'ono anamuyandikira, n'kumuonetsa tsaya lawo, anati, “Mwana wanga, yang'ana apa, ndiye uyang'ane zithunzi ziwirizo. Mbale wanga ndi uti?” Bamboyo anayang'ana, anakanda kumutu, anatenga chija cha mchenga. Anandichenjeza kuti madontho adzaoneka. Ndinati aoneke.

Ba Jairosi amva. Atumiza mawu kuti ngati ndi choncho Loweruka sabwera, sangaime pamaso pa anthu ndi chithunzi chakuda. Ndinayankha kuti kusabwera kwawo tinakuzolowera. Mwina munganene kuti ndapsa mtima msanga, kuti m'bale ndi m'bale. Mwina. Mpando wawo tidzauika. Koma mayi wosalalayo akamupachike pabalaza pawo, ine pakompyuta yanga ndamufufuta.

Loweruka nsalu ikadzachoka pamwala, mudzakhala inu, Amayi, ndi mchenga wanu, ndi nyemba zanu pamiyendo, ndi mphini zonse zisanu ndi imodzi. Ndaziwerenga ndekha. Mwana wa Tisa akadzakula ndidzamutengera kumeneko, ndidzagwira kachala kake kuti aziwerenge nayenso. Ndalonjeza, ndipo mukudziwa kuti pakamwa panga ndi poipa koma sipanama.

Ndimakukondani monga munalili.

Ndine mwana wanu wovuta uja,
Malita