Mtanda Umene Ndinapaka Penti

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka. Shuga wa Amayi watsikako, kungoti magetsi akathima tsiku lonse filiji imafunda, ndipo ndimangoyang'ana kabotolo ka jakisoni wawo osadziwa ngati mankhwalawo akadali ndi mphamvu.

Ndi chifukwa chake ndinalowa bungwe la sola. Ndi la ife eni nyumba opeza movutikira: timagula mapanelo pamodzi kuti mtengo utsike, katswiri mmodzi amatilangiza, ndipo Loweruka lililonse timathandizana kuika mapanelowo padenga la membala mmodzi. Poti mlongo wanu pakamwa sipauma, anandisankha kuyenda khomo ndi khomo kukopa anthu. Lamulo lathu lalikulu ndimalilalikira ndine: padenga lofooka sipakwera munthu, mwini ayambe wakonza. Mwezi watha ndinauza ndekha mayi wosoka zovala wa pakona paja kuti dzina lake labwerera kumapeto kwa mndandanda chifukwa cha mtanda umodzi wowola. Analira, ine ndinaumitsa nkhope.

Loweruka likubwerali ndi lathu, ndipo Achimwene, ndili ndi mantha.

Katswiri asanabwere kudzayendera nyumba, ndinakwera m'silingi ndi tochi. Mtanda waukulu wa pamwamba pa chipinda cha Amayi, uja munakhoma ndi malemu Bambo, chiswe chaumaliza. Ndinaubaya ndi msomali, unalowa ngati mu sopo wonyowa. Ndinakhala m'menemo thukuta lili kamukamu, ndikuwerenga miyezi isanu ndi itatu yodikira kumapeto kwa mndandanda, nyengo yonse yotentha. Mawa lake ndinasakaniza utuchi ndi guluu, ndinamata mabowo onse n'kupaka penti. Katswiri atabwera anangosuzumira ndi tochi, amvekere, "Mayi, denga mumalisamala. Anzanu aziphunzira kwa inu." Ndinamuphikira tiyi.

Amene amakwera koyamba nthawi zonse ndi a Dalaivala, aneba athu, bambo wa ana anayi, omwe aja amathamangira ndi Amayi kuchipatala osafunsa kanthu. Dzulo anabwera ndi akazi awo kudzayesa makwerero.

"Achemwali, mundikonzere madzi akumwa ambiri," anatero akusisita mimba. "Ine ndikakwera, denga limadziwa kuti kwabwera munthu."

"Mudzatibwezere wamoyo," akazi awo anatero akuseka. "Ndi mmodzi yekhayu, wina tilibe."

Nanenso ndinaseka. Mapanelo aikidwa mbali imene dzuwa limamenya kwambiri, ndipo mbaliyo ndi pamwamba penipeni pa bedi la Amayi.

Ndakhala ndikudzinamiza kuti mtanda wapirira zaka zonsezi, sungalephere tsiku limodzi. Koma m'mawa uno Amayi anandiitana, akukutumula bulangete. "Taona, mwanawe, tiufa iti tikuchokera kuti? Tsiku lililonse ndikutipeza." Ndinati ndi fumbi la mumsewu. Masana ndasamutsira bedi lawo pabalaza, ndawauza kuti n'chifukwa cha phokoso la Loweruka.

Ndikuopa kulankhula. Mabanja makumi atatu analowa bungweli pokhulupirira pakamwa panga, ndipo akamva adzafunsa kuti wina amene ananama ndani. Ndikuopa maso a mayi wosoka uja. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Koma koposa zonse ndikuopa kugwira makwerero, a Dalaivala akuponda sitepe yomaliza akundiuza nthabwala.

Kalatayi ikufikani Loweruka litadutsa, choncho sindikupempha nzeru. Mawa ndipita kwa katswiri ndi msomali uja, adzabaye yekha. Ndikatero ndikagogoda kwa mayi wosoka, popeza iye anakonza denga lake kale ndipo Lowerukali likuyenera kukhala lake. Ndalemba kuti ndikafooka m'njira, pakhale munthu mmodzi wodziwa kuti ndinkadziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi akupereka moni wambiri, akuti mubwere msanga mudzaone nyale zawo zosathima. Za mtandazi sindinawauze, ndipo mukawaimbira musawauze, ndiwauza ndekha. Poyankha mundilembere kutalika kwa mtanda uja, paja munaucheka ndinu.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa m'nyumba