Jezi ya Nambala Seveni

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ndine Zakeyo, mwana wanu wamakani uja. Papita zaka zisanu chikuikireni m'manda ku Chunga, ndipo ino ndi kalata yanga yoyamba. Ndinkati ndikagwira cholembera, dzanja limalemera, chifukwa sindinkadziwa ngati munapita mutandikhululukira kapena ayi.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Mpongozi wanu Esinati ali bwino, akugulitsabe tomato pamsika wa ku Kanyama. Mimba munaisiya ija inabala mwana wamkazi, tinamutcha Elube, dzina lanu. Watengera mphumi yanu ndi pakamwa pomwe, sagonja kwa munthu. Chaka chatha kunabweranso wamwamuna, Yohane. Chimanga chomwe ndinabzala kuseri kwa nyumba chinadyedwa ndi madzi, mukudziwa mmene Kanyama amakhalira mvula ikalimbika. Azakhali a ku Chipata ndiwo anatipulumutsa ndi matumba awiri. Ufa wakwera moti mukanakhalapo mukanakalipira wogulitsa mpaka kutsekera golosale.

Timu yanu ya Mphezi ikadalipo, koma dzina lokha. Kampani ya mabulangete yomwe inkatigulira mipira ija inagulitsidwa, ndipo eni ake atsopano mpira alibe nawo ntchito. Ndimakumbukira mmene munkachapira jezi zathu Lamulungu lililonse tikangochoka pabwalo, mukuti jezi sigona yakuda. Mukayanika munkaziwerenga mokweza, imodzi, ziwiri, zitatu, mpaka khumi ndi imodzi, kenako mumatiloza ine ndi achimwene a Labani n'kunena kuti miyendo ndi yathu koma thukuta ndi lanu. Simunalandirepo kanthu pa ntchito imeneyo. Anthu ankangokutchani amake a timu, ndipo inu zinkakukwanirani.

Za ligi ya a Chanda mukuzidziwa, koma simunamvepo mbali yanga. Ntchito itatithera kukampani, a Chanda, amene analemera ndi mabelo a zovala za salaula aja, anayambitsa ligi yawo ya matimu asanu ndi imodzi, ochokera ku Kanyama, Chawama, George ndi Matero. Anati wosewera aliyense azilandira malipiro masewero akangotha, ndi nsapato zatsopano pamwamba. M'komboni mwathu zimenezo zinali zisanachitikepo. Akuluakulu a ligi yakale anakwiya, nalamula kuti aliyense wokasewera kwa a Chanda asadzavalenso jezi ya timu yake mpaka imfa. Ine ndinali ndi mkazi woyembekezera, m'nyumba mulibe ndi mchere womwe, ndiye ndinapita. Achimwene, pokhala kaputeni, ndi amene anawerenga dzina langa pamaso pa anthu, ndipo mawu awo sananjenjemere ngakhale pang'ono.

Inu simunandikalipire. Munangondifunsa kuti nanga nambala seveni ndikusiyira ndani. Ine ndi mkwiyo wanga ndinaivula n'kuiponya m'beseni mwanu, madzi a sopo anakuthovukirani kumaso. Munapukuta ndi chitenje osanena kanthu. Amayi, kukhala chete kumeneko kwandipweteka kuposa ndodo zonse zomwe munandimenyapo ndili mwana.

Ligi yomwe ndinakutayirani ija inatha miyezi isanu yokha. Mvula itabwera, bwalo linasanduka dziwe, a Chanda anagula maminibasi awiri, mpira n'kuuiwala. Chikho sichinaperekedwe kwa aliyense. Ndinachiona m'bala ina ku Mandevu, akuponyamo zitsekero za mabotolo. Masewero omaliza anali a ku George, Lamulungu lomwe munatuma uthenga kuti ndibwere. Ndinadziwa kuti mukudwala, koma ndinati ndikangomaliza ndithamangira. Pofika pakhomo ndinapeza amayi a mpingo atayamba kale nyimbo.

Za pamaliro anu mwina munaziona nokha. Mwambo wa Mphezi ndi woti munthu wa timu akamwalira, osewera amavala jezi n'kunyamula bokosi okha, wina aliyense osagwirako. Anakunyamulani anthu khumi, atavala jezi zomwe munachapa ndi manja anu. Nditayandikira, achimwene anangotambasula mkono osandiyang'ana, ena nawo anatseka mpata. Ndinayenda kumbuyo ngati munthu wongodutsa amene wakumana ndi maliro panjira. Kuyambira tsiku limenelo ine ndi achimwene sitinapatsanenso moni.

Chimene ndikuopa kukuuzani ndi ichi. Bwalo la a Chanda lija linadulidwa mapuloti, ndipo langa linagwera pomwe panali golo la kum'mawa. Ndinamanga zipinda ziwiri. Lamulungu lililonse, dzuwa likapendeka, nthawi yomwe tinkachoka pabwalo, ndimamva mawu anu kuchingwe choyanikapo zovala. Mumawerenga pang'onopang'ono, mukafika pa khumi mumaima. Ndimadikira kuti mupitirize, koma ayi. Ndikatuluka ndimapeza matewera a Yohane akungogwedezeka, popanda ndi mphepo yomwe.

Esinati amati ndi mowa, chikhalirecho ndinausiya kalekale. Mwezi watha ndinapeza Elube akuwerenga zovala pachingwe chomwecho, manja ali m'chiuno ngati inu, ndipo pa khumi anaima n'kundiyang'anitsitsa. Mayi ake anaseka, akuti mwanayo sadziwa kupitirira pamenepo. Mwina ndi zoona, koma ine tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Lachitatu lapitali kunabwera mlendo. Ndinali pakhonde ndikukonza njinga ya munthu, poti ndiyo ntchito yanga tsopano, nditaona achimwene ataima pampanda ndi pulasitiki m'manja. Poyamba sindinawazindikire. Goloboyi wamphamvu uja watha, Amayi, jekete likungolendewera ngati lili pamsomali, ndipo akutsokomola kwambiri. Mkazi wawo tinamuika chaka chatha, ndinangoima patali. Ndinawapatsa mpando, anakhala nthawi yaitali akupuma, kenako anandipatsa pulasitikiyo.

M'kati munali nambala seveni, yopindidwa bwino, nambala yake itasokedwanso ndi ulusi wakuda uja munkasokera malaya athu a sukulu. Inkanunkhirabe sopo wanu ndi m'sutikesi.

Anati, "Amai benze kuwasha iyi Sande iliyonse pamodzi na zinangu, ngakhale kuti palibe wamene enze kuivala. Banakamba ati iwe na ine tikagwile kutsogolo kwa bokosi yao. Ine ninabisa."

Anafotokoza kuti miyezi yonse isanu ija munkawerengabe mpaka khumi ndi imodzi, ndipo wina akakuuzani kuti nambala seveni yasowa mwini, munkayankha kuti mwini wake wangochedwa. Anaipeza m'sutikesi yanu tsiku la maliro lomwelo, n'kuibisa kudenga. Akuti nawonso chiyambire tsiku limenelo, Lamulungu sakhala pakhomo, amakakhala kumsika mpaka dzuwa lilowe. Sindinawafunse chomwe amathawa.

Ndinakwiya, Amayi, sindikubisirani. Zaka zisanu ndakhala ndikuganiza kuti munapita mutandifufuta, pomwe munthu amene ankadziwa zoona amakhala misewu itatu kuchokera kwathu. Ndinafuna kuwaponyera sipanala yomwe inali m'manja mwanga. Koma anayamba kuwerenga pa zala anthu a Mphezi amene atsala, ndipo sanamalize ndi zala za dzanja limodzi zomwe. Ena anapita ku migodi, ena kumudzi, ambiri ali nanu komweko. Atatha anayang'ana pansi nati, "Zakeyo, bokosi yanga siizalemela maningi. Uzagwilako?"

Ndinaika sipanala ija pansi. Ndinawaperekeza mpaka pa sitolo ya pakona, tikuyenda pang'onopang'ono, ndipo pampata wa ngalande anandigwira phewa kuti adumphe. Dzanja lawo linali lopepuka ngati la Elube.

Jezi ija ndaiyesa, yandithina pamimba, Esinati waseka mpaka misozi. Ndaichapa ndekha, ndipo mawa, Lamulungu, ndiiyanika pachingwe dzuwa lisanapendeke. Ndikatero ndipita kwa achimwene ndi phala lomwe Esinati wawalonjeza, ndikawauze yankho lawo. Tikufunanso kukumangirani chiliza mvula isanayambe, ngati achimwene angaifike nthawiyo.

Ndikulonjezani kuti tsiku lawo likadzafika, ndidzavala nambala seveni n'kugwira kutsogolo, ndipo sindidzasiyira wina mpaka ku Chunga. Inunso mawa mukamawerenga, chonde musaime pa khumi. Mwini wake wafika.

Ndine mwana wanu wokukondani, wochedwa uja,
Zakeyo