Madolifini Amene Ababa Anaona

Kurunegala,
9 Febuluwale 2020

Okondedwa achimwene Senaka,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, komanso kuti kuzizira kwa ku Italy sikunakugonekeni ngati chaka chatha. Kuno tilipo. Majuzi munatumiza aja afika.

Ndasankha kalata chifukwa pa foni sitimvana. Mukaimba, Ababa amakhala pampando wawo pomwepo, azakhali a Somalatha atayima pakhomo makutu ali tcheru, inunso simundipatsa mpata. Kalata simungaidule mawu. Muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa ndakwiya nanu ndipo ndikufuna mudziwe chifukwa chake.

Nkhani ndi ya diso la Ababa. Lakumanzere lija linafa kale, mukudziwa. Adokotala akuti ng'ala ya lakumanja yakhwima mpaka yayamba kutseka njira ya madzi a m'diso, ndipo tikachedwa mtsempha woonera ufa, osadzukanso. Atipatsa tsiku la opaleshoni, Lachinayi lomaliza la mwezi uno. Inu mwauza Ababa kuti adikire mpaka Chaka Chatsopano chathu cha mu Epulo chidutse, poti a Jinadasa, wopenda nyenyezi wanu uja, akuti nyengo yawo yoipa ithera pamenepo. Ababa nawo, monga mwa masiku onse, akungoti, "Mwana wamwamuna wanena." Umboni wanu ndi umodzi wokha: a Jinadasa anatisankhira nthawi ya ulendo wa kunyanja ku Kalpitiya, ndipo Ababa anaona madolifini. Tsono imvani mmene ulendowo unayendera.

Mukukumbukira chithunzi cha madolifini chimene Ababa anapachika m'kalasi mwawo zaka zonse anaphunzitsa zija, iwo osawaonapo n'kamodzi komwe. Atamva za opaleshoni anandipempha kuti akawaone mpeni usanalowe m'diso. Ndinawerenga zimene ndikanatha, ndinaimbiranso mwini bwato wina kumeneko, a Marselin, ndipo zonse zinagwirizana. Nyamazi zimadya usiku kutali kozama, m'mawa n'kumasonkhana m'magulu nyanja ili bata. Dzuwa likakwera mphepo imadzuka, mafunde amabisa misana yawo, ndipo zimabalalika. Ndiye ndinakonza zoti tinyamuke Lamulungu, tikagone komweko, mbandakucha tili m'bwato.

Pamenepo m'pamene munaimba. Munati Lamulungu silikugwirizana ndi nyenyezi ya Ababa. Tinyamuke Lolemba, titavala zoyera, titayang'ana kum'mawa, nthawi yatsoka ya tsikulo, imene amaitcha ya Rahu, itadutsa. Ndinakuuzani kuti tikafika masana. Munayankha kuti, "Kumudini, iwe ndi mabuku ako, tsiku lina udzatiphetsa." Ababa anali pomwepo, ndipo nkhani inatha.

Lolemba azakhali anaphika mpunga wa mkaka wa kokonati kuti ulendo uyambe ndi mwayi, ndipo anawadyetsa Ababa mbale yodzaza. Nthawi itakwana tinaima pakhomo, phazi lamanja patsogolo. Nalimata analira padenga.

"Bwererani, khalani pansi!" anatero azakhali. "Wamva wekha, akutiletsa."

"Azakhali, nalimata ameneyo amalira tsiku lililonse. Akufuna mkazi."

"Iwe ndiye ukufuna mwamuna, n'chifukwa chake pakamwa pako sipatsekeka. Khala pansi!"

Tinakhala, tinamwa madzi, tinadikira, woyendetsa galimoto akungoliza hutala panja. Kenaka azakhali anatumiza mawu kwa mayi wa nyumba yoyandikana nayo kuti adutse kutsogolo kwathu ndi mtsuko wodzaza madzi, kufafaniza tsoka la nalimata. Mayiyo anali kusamba. Tinamudikiranso.

Tinafika ku Kalpitiya dzuwa lili paliwombo. Mabwato onse anali atakokeredwa pamchenga, alendo amene anapita m'mawa akudya uku akuonetsana zithunzi m'mafoni. A Marselin anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi, mwabwera kudzaona madolifini kapena kudzadya nkhomaliro?"

"Ife tabwera pa nthawi yabwino, bambo inu," anayankha azakhali.

"Yabwino kwa ndani, agogo? Madolifiniwo munawatumizira uthenga kuti akudikireni?"

"Agogo ndi amayi anu! Tsitsani bwatolo."

A Marselin anakana, akuloza nyanja imene inali itayamba kale kuyera ndi thovu. Anati tigone, tipite mawa m'mawa. Koma azakhali anati nthawi yosankhidwa ndi ya lero, ya mawa palibe waipenda, ndipo Ababa anawagwira dzanja a Marselin n'kunena motsitsa, "Mwana wanga, tangoyesako." A Marselin anavomera chifukwa cha ulemu basi.

Achimwene, bwato lija linkamenya mafunde ngati ngolo pamsewu wamiyala. Ababa anasanza mpunga wamwayi uja wonse pa malaya oyera. Azakhali anatseka maso tisanachoke n'komwe pagombe, n'kumabwereza mapemphero a kukachisi, ndipo sanawatsegule mpaka tinabwerako. Tinapita kutali, tinazungulira, tinapitanso. Ine ndinayang'ana mbali zonse mpaka maso kuwawa ndi mchere. Panalibe dolifini ngakhale mmodzi.

Titatembenuka kuti tizibwerera, Ababa anandikanikiza mkono mwamphamvu.

"Awo! Kumudini, awo! Taona mmene akulumphira!"

Ndinatsata chala chawo. Ankaloza thovu loyera la pamwamba pa mafunde. Likaphulika apa, iwo ankati walumpha. Likaphulika apo, ankati winanso. Ankaseka ngati mwana, misozi ikutsika, akuwerenga mokweza mpaka anasokonezeka. A Marselin anandiyang'ana, anachepetsa injini, kenaka anati, "Eya, aphunzitsi, lero ndi ambiri zedi."

"Wawaona, mwana wanga?" Ababa anandifunsa.

Ine amene mumanditcha wokonza aliyense, ine amene ndinakangana ndi nalimata m'mawa womwewo, ndinati, "Ndawaona, Ababa."

Amenewo ndiwo madolifini amene mukutamandira a Jinadasa. Azakhali, amene sanaone ngakhale madzi, akuuza anthu kukachisi kuti panali wina wamkazi ndi kamwana kake pambali.

Tsono ganizani bwino. Dolifini ndi wotuwa modera, wamkulu ngati munthu. Thovu ndi loyera. Pa dzuwa la masana, bambo athu sanathe kusiyanitsa ziwirizi pamtunda woti mwana angaponyepo mwala. Chaka chatha ankawerenga okha nambala ya basi. Chimene inu mukuchitenga ngati umboni wakuti tidikire ndicho umboni wakuti sitingadikire. Ndakhala ndikuwayang'anitsitsa chibwerereni: amafufuza kapu patebulo ndi zala, ndipo dzana analonjera chipilala cha pakhonde poyesa ndi ine.

A Jinadasa sindikuwaimba mlandu, akugwira ntchito imene anthu amawapempha. Mlandu ndi wanu. Ndikudziwa kuti muli ndi mantha, ndiponso kuti Amayi anamwalira inu muli m'ndege. Munthu akakhala kutali amafuna chinachake choti agwire, ndipo inu mwagwira nyenyezi chifukwa n'zimene mungalamule pa foni. Koma amene amatsuka malaya ndi kudonthezera mankhwala m'disomo ndine. Nthawi yolakwika ya madolifini inangotitayitsa tsiku. Nthawi yolakwika ya diso sibwezeka.

Pempho langa ndi ili. Muimbe foni lisanafike Lachitatu la sabata ya opaleshoniyo, muwauze Ababa ndi pakamwa panu kuti apite ku opaleshoni. Ngati mukufuna, funsani a Jinadasa mtundu wa malaya oti avale ndi mbali yoti ayang'ane potuluka. Ndidzatsata zonsezo osatsutsa, ngakhale nalimata ndidzamupepesa. Koma tsiku ndi la adokotala.

Mukapanda kuimba, kwanditsalira njira imodzi yokha yowasunthira pampando uja. Ndidzakhala nawo pansi n'kuwauza kuti panyanja paja panalibe kanthu, kuti anawerenga thovu, ndipo kuti mwana wawo anawanamiza. Ndikudziwa adzandikhulupirira, chifukwa sindinawanamizepo china. Ndidzachita zimenezo, achimwene, musakayike. Koma musandikakamize kuwalanda madolifini awo. Ndikufuna diso lichire, ndiwatengenso ku Kalpitiya mbandakucha nyengo ya madolifini isanathe, akaone enieni. Akadzazindikira okha za oyamba aja, tidzaseka limodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Azakhali akupereka moni, akuti muwatumizire mafuta opaka m'mawondo. Ababa akhala pano pambali panga, akumva cholembera chikuyenda, ndipo ndawauza kuti ndikukulemberani za ulendo. Akondwa kwambiri. Akuti ndisaiwale kukuuzani kuti muuze adzukulu awo kuti madolifini ndi oyera, osati otuwa ngati a pachithunzi chija.

Ndine mlongo wanu wodikira foni,
Kumudini