Mbatata ya Bambo

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka ndithu, kungoti miyendo ya amayi yayambanso kutupa.

Ukukumbukira mizere isanu ya bambo ija kuseri kwa bafa? Mbatata yofiira kunja, yachikasu m'kati, imene ankadula nsonga zake n'kubzalanso chaka ndi chaka kuyambira tisanabadwe. Iwe unkathawa kupalira, ati mutu ukupweteka, koma tsiku lokumba unkakhala woyamba kugwira khasu. Bambo ankagogoda nthaka ndi chidendene, akaona mng'alu n'kunena kuti apa pali yaikulu, ndipo sankaphonya. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri.

Tsono ndili ndi mlandu, ndipo ndaubisa chaka chathunthu.

Bambo atamwalira, dimba linatsala m'manja mwanga. Paja ankakaniza kuthira zitosi za nkhuku pa mbatata, ine n'kumayesa ndi kuuma mutu kwa ukalamba. Ndinathira mawilibala atatu. Masamba anachita kubiriwira mpaka kukwera mpanda, odutsa n'kumandiyamikira, inenso n'kumayenda modzimva.

Tsiku lokumba ndinangopeza timizu tonga zingwe za nsapato. Mizere yonse isanu, osadzaza ndi beseni lomwe. Mtima unandiwawa, ndinazula zonse n'kukaponyera mbuzi za aneba. Ndinadzakumbukira m'mawa mwake kuti mbewu ya mbatata ndi ziyangoyango zomwezo. Mbuzi zinali zitamaliza kalekale.

Ndinakagula mbewu ina kumsika, yofiiranso, n'kubzala pamalo pomwepo osauza munthu. Yabereka bwino, koma ndi yamadzimadzi, ilibe ufa uja. Sabata yatha ndinawaphikira amayi. Analuma kamodzi, n'kuibweza m'mbale. Ndinayamba kunamizira mvula, iwo anandidula.

"Ndinakuona pawindo tsiku lija ukuzula. Ndinangokusiya poti unkalira. Koma ndisanatsatire bambo ako, ndikufuna ndilaweko yawo ija kamodzi."

Mlongo wanga, ndinasowa poyang'ana.

Pamene unkasamuka, bambo anakukulungira mbewu m'chiguduli chonyowa, iwe ukudandaula kuti ikudetsera sutikesi. Alamu anandiuzapo kuti anaibzala kuseri kwa khitchini. Ngati ikadalipo, chonde dula nsonga khumi zokha, zotalika ngati mkono, uchotse masamba am'munsi, ukulunge monyowa, upatsire dalaivala wa basi ya Lachisanu. Mizere ndaunda kale, ndipo zitosi sizidzapondanso pamenepo.

Mbatata imafuna miyezi inayi. Adokotala atawayeza amayi Lolemba lapitali, sanafune kundiuza kuti tili ndi miyezi ingati. Usachedwe.

Ngati nawenso inakufera, usandinamize monga ndinachitira ine. Ungobwera wekha, tidzawauze tili awiri.

Undiperekere moni kwa alamu, ana uwapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine,
Mlongo wako wamkulu